Chikhadabo cha Umu Ziyadi

Annandale, Virginia
14 Juni 2005

Okondedwa Bambo,

Ngati mwatsegulira kalatayi pakhonde monga mwa chizolowezi chanu, lowani kaye m'nyumba. Pakati pa mapepalawa pali kansalu komanga mfundo, ndipo chimene chili m'menemo n'chaching'ono ngati njere ya dzungu. Mphepo ya Juni ya ku Namitete ikachiulutsa simudzachipezanso. Musamasule mpaka mutawerenga zonse, ndipo Fryson asakagwire. Ndimamudziwa mlongo wanga, manja ake sakhala phee.

Ndikhulupirira muli bwino, ndiponso kuti bondo lija silikukuzunzani ndi kuzizira kwayambaku. Ine ndili bwino. Kuno ndiye kwatentha moti munthu ukasamba umatuluka thukuta usanapukute n'komwe.

Mwina mwadabwa kuti ndalemba kalata pamene tinalankhulana pa foni Lamlungu lapitalo. Ndalemba chifukwa pa foni ndimatha kunama. Kwa miyezi inayi ndi theka mwakhala mukundifunsa kuti agogo a ku Iraq aja ali bwanji, ine n'kumayankha kuti ali bwino, akupereka moni. Bambo, moni ameneyo ndinkapeka ndine. Ntchito yowasamalira ija inatha pa 28 Januwale, anandichotsa. Musade nkhawa, ndinapeza ina yochapa zofunda kunyumba yosungirako okalamba ku Fairfax, ndipo sindinagonepo ndi njala. Chimene chinkandilemera si ntchito. Ndinalakwira munthu amene anandikonda ngati mwana wake, ndipo nthawi yonseyi sindinkadziwa ngati adzalolanso kundiona.

Ndiyambe poyambira. Dzina lawo lenileni ndi Sabiha, koma palibe amawatchula choncho. Kwawo amachita ngati kwathu: mayi amatchulidwa ndi dzina la mwana wake woyamba wamwamuna. Monga amayi anali make Fryson, iwowa ndi Umu Ziyadi, kutanthauza make Ziyadi. Ali ndi zaka 79. Sitiroko inawafoola mbali yakumanzere, choncho amayenda pa chikuku, koma pakamwa ndi dzanja lamanja n'zamphamvu kuposa zanga. A Ziyadi, mwana wawoyo, ndi injiniya, munthu wofatsa wosaseka wamba, ndipo ndi amene anandilemba ntchito kudzera ku ejensi, kampani yopezera anthu ntchito zosamalira odwala. Mwana wawo wamkazi, Maisuni, ndi mphunzitsi ndipo anatsala ku Baghdad. Amuna awo analinso mphunzitsi. Aboma anawatenga m'kalasi mu 1982 choko chili m'manja, ndipo mpaka lero palibe akudziwa pamene anawaika. Inu nkhani zotere simusowa womasulira.

Mlungu woyamba sanandifune. Ndinali wachinayi, atatu anali atathawa kale. Ndikawapatsa tiyi ankati ndi madzi otsukira mbale. Ndikawapesa tsitsi ankati ndikulima. Chizungu chawo n'chothyokathyoka, changa mukuchidziwa, koma zonyoza zokha zinkamveka bwinobwino.

Tsiku lina ndinawawenga zikhadabo. Nditamaliza ndinatola tizidutswa tonse, ngakhale kamene kanagwera pansi pa mpando, n'kukulunga m'kapepala, n'kuwaikira m'dzanja. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita zimene amayi anawaphunzitsa. Mukukumbukira mmene ankatikalipira tikasiya zikhadabo pabwalo, amvekere, “Mukufuna kupatsa afiti ndiwo?” Umu Ziyadi anayang'ana kapepalako nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

“Anakuuza ndani?” anafunsa.

“Kwathu sititaya m'bini,” ndinatero. “Timakwirira.”

“Atatu onse aja ankataya m'bini,” anatero. “Pamodzi ndi makoko a mazira.”

Anandilozera mphika wa maluwa pa khonde lam'mwamba. M'menemo ndi mmene ankakwirira okha, ndi supuni, atadzikoka pa chikuku. Kwawonso chidutswa cha thupi la munthu chimabwerera kudothi. Kuyambira tsiku limenelo tiyi wanga anayamba kukoma. Komabe kapepalako ankakalandira okha nthawi zonse ndi kukwirira okha, ine ntchito yanga inali kugwira supuni ikaterereka.

Tinazolowerana. Anandiphunzitsa kuphika mpunga wa kwawo wopserera pansi mwadala, ine ndinawaphunzitsa kunena kuti “zikomo,” ndipo ankalinena molamula ngati wapolisi. Tsiku lina ndikuwadzola mafuta m'manja anandifunsa za amayi. Bambo, nkhani imene sindinaithe ndi inu ndinaitha ndi mlendo. Ndinawauza kuti amayi anamwalira mu 2002 ine ndili kuno, kuti mapepala anga sanali bwino ndipo ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Ndinawauza kuti anawasambitsa ndi anthu ena, ine mwana wawo wamkazi mmodzi yekha ndikusambitsa amayi a eni ake ku America. Anandikoka ndi dzanja lawo limodzilo, n'kuika mutu wanga pachifuwa pawo. “Binti,” anatero, ndiko kuti mwana wanga wamkazi. “Iwe ukudziwa pamene anagona. Ine wanga sindikudziwa. Usalire ngati wosauka.”

Ndinawasimbiranso za tsiku ngati la lero, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, tsiku la riferendamu. Inu munali mutapita m'mamawa, amayi anapita pambuyo atavala nsalu yawo yakutchalitchi. Anabwerera masana chala chili bii ndi inki. Ine ndi nzeru zanga za Fomu 2 ndinathyola ndimu pa mtengo uja wakuseri kwa khitchini, n'kulidula, n'kunena kuti bweretsani ndikutsukeni, mukuoneka ngati mwagwira mwaye. Amayi anabisa dzanja kumbuyo. “Usiye,” anatero. “Zaka zonsezi ankandinenera ndi ena. Lero ndanena ndekha, ndiye iwe ufufute?” Umu Ziyadi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anandiuza kuti ndibwerezenso. Anaikonda nkhaniyo moti masiku ena ankangoti, “Lenifa, ndiuze za ndimu.”

Mu Januwale TV ya m'nyumbamo inasiya kuzimitsidwa. Ku Iraq kunali kudzachitika chisankho, ndipo zinamveka kuti amene ali kunja nawonso aloledwa kuvota. Malo a dera lathu lino anali ku New Carrollton, ku Maryland, kutsidya kwa mzinda. Munthu unkayenera kupitako kawiri, koyamba kukalembetsa, kachiwiri kukavota. Maisuni anaimba foni kunena kuti iye adzapita, ngakhale m'makoma a kwawoko munali mutalembedwa kuti wopezeka ndi inki ku chala adzaphedwa.

Loweruka lina mayi ndi mwana anakangana patebulo m'Chiarabu mpaka supuni kugwa. Pambuyo pake a Ziyadi anandiitanira kukhitchini.

“Lenifa, amayi akakupemphani kuti muwaperekeze ku Maryland, mukane,” anatero. “Mtima wawo ndi wofooka ndipo kunja kukuzizira. Komanso kumeneko kudzakhala makamera. Nkhope yawo ikaoneka pa TV, ku Baghdad kuli anthu amene akudziwa kuti Maisuni ndi mwana wa ndani. Bambo anga ndinataya kale. Sinditaya mlongo wanga chifukwa cha kapepala.”

Sindinawaone ngati munthu woipa, Bambo, ndipo mpaka pano sindiwaona choncho. Anawonjeza kuti voti imodzi ya nkhalamba singasinthe kanthu m'dziko lodzaza asilikali achilendo. Mumtima ndinavomereza kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndinalonjeza kuti ndikana.

Lolemba a Ziyadi atangotuluka, Umu Ziyadi anatulutsa m'kamisolo mwawo kathumba ka pulasitiki. Munali ziphaso zawo zakale za ku Iraq, zachikasu ndi ukalamba.

“Galimoto yako ili ndi mafuta?” anafunsa.

“Ana anu akana.”

“Ndinamubereka ndine kapena anandibereka ndi iye?” anatero. “Mwana wanga wamkazi akayenda pansi pakati pa mabomba, ine ndikhale pano ndikuotha hita? Kale ankatibweretsera pepala la funso limodzi, yankho lake tikulidziwa kale, munthu wa mfuti ataima pambali. Ndinalemba inde kwa anthu amene ananditengera mwamuna. Ndikufuna ndisanafe ndilembe zanga.” Kenako anandiyang'ana mochenjera. “Mayi ako akanapempha chilolezo kwa Fryson?”

Pamenepo anandigwira pakhosi. Madzulo ndinafotokozera Chitalu, mnzanga wa ku Zambia amene timakhala nyumba imodzi uja. Anaika manja m'chiuno.

“Iwe Lenifa, wafunta? Client sumuchosa mu nyumba without family permission. Ba agency bakamvela chabe, that's it, nchito yasila. Manje uzadya vote?”

Ankanena zoona. Koma m'mawa mwake ndi iye yemwe anandijambulira mapu a msewu wa Beltway kuseri kwa envelopu, n'kundibwereka bulangete lake lochindikala.

Ulendo wolembetsa unayenda bwino. Tinachoka 9 koloko, pofika 1 koloko tinali titabwerera, ndipo m'buku la ntchito ndinalemba kuti tinapita kokawongola miyendo. Kulembetsa sikusiya chizindikiro. Ine mwana wa ku Malawi, amene ndinaona chala cha amayi ndi maso angawa, sindinaganizeko kuti ulendo wachiwiri sudzabisika.

Kuvota kwa akunja kunayamba Lachisanu, pa 28. Umu Ziyadi ndinawapeza atadzuka kale, akufuna diresi lawo lobiriwira ndi mpango woyera. Anandiuza kuti ndiwapake wanja, utoto wakuda wokongoletsa uja, m'maso. M'mbali mwa msewu munali mudakali sinoo, chipale chogwa kumwamba chija, wakuda ndi utsi, ndipo kagalimoto kanga kankatsokomola njira yonse, iwo akupemphera chapansipansi. Sindikudziwa ngati ankapempherera dziko lawo kapena mabuleki anga.

Bambo, ndikanakonda mukanaona. Apolisi anali ponseponse ndi agalu awo, aliyense ankasechedwa, ngakhale chikuku anachiunika pansi. Koma anthu! Ena anali atayenda usiku wonse pa basi kuchokera kumizinda yakutali. Kunali madalaivala a matakisi, madokotala, amayi obereka makanda m'majekete, ansembe a mikanjo yakuda, Akurdi a kumpoto kwa Iraq a mabuluku otakasuka. Bambo wina wa mwendo umodzi anakana mpando, anati waima zaka makumi atatu kudikira, ola limodzi silimupha. Panja anyamata ankaimba ng'oma, amuna atagwirana mapewa n'kumavina mozungulira pa chisanu chimenecho. Ndipo amayi awo amaimba nthungululu ngati ife! Nditamva ndinangozindukira nanenso ndayamba, mpaka mayi wina anandipsompsona masaya onse awiri n'kundifunsa ngati ndine wa ku Basra, mzinda wa kwawo komwe kulinso anthu akuda.

Ataona nkhalamba pa chikuku, mzere wonse unapatuka. Munthu wa kamera atayandikira ndinaima kutsogolo kwawo n'kutambasula bulangete la Chitalu ngati ndikuliyanika. Chimenecho chokha ndinawachitira a Ziyadi.

Pepala lovotera linali lalikulu ngati nsalu ya patebulo, mayina ndi zizindikiro mbwee. Ndinawakankha mpaka pa kachipinda ka makatoni, n'kutembenuka kuyang'ana kumbali. Anatenga nthawi. Sindikudziwa amene anamusankha, ndipo sindinafunse. Pa botolo la inki, mtsikana wogwira ntchitoyo anati angokhudzitsa nsonga. Iwo anamiza chala cha mkombaphala chonse mpaka pa mfundo yachiwiri. Atachitulutsa anachiyang'ana, inki yapepo ikudontha, n'kutchula dzina limodzi lokha: “Yusufu.” Ndi dzina la amuna awo. Mtsikana uja analira, bambo wa mwendo umodzi analira, ine ndiye musafunse.

Pobwerera anaika dzanja pawindo njira yonse, kuonetsa chala kwa madalaivala a mathiraki amene sankadziwa n'komwe kuti chikutanthauza chiyani. Ine chimwemwe chinayamba kuchepa tikuwoloka mlatho kulowa m'Virginia. Ndinayang'ana chala chija n'kuona ntchito yanga ikupita.

Tinafika cha m'ma 2 koloko. Anadya pang'ono n'kugona pampando wawo, atatopa, dzanja lili pa bulangete. A Ziyadi ankaweruka 5 koloko. Ndinayenda m'khitchini uku ndi uku. Ndinaganiza zowaveka magolovesi, ndinaganiza zomanga bandeji n'kunena kuti apsa ndi tiyi. Kenako maso anga anagwera pa mbale ya mandimu amene ankathira mu tiyi.

Apa ndi pamene cholembera chikulemera. Ndinadula ndimu, Bambo. Ndinathira mchere m'kambale. Ndinagwada pambali pawo n'kutenga dzanja lawo monga ndinkachitira tsiku lililonse, ndipo poti analizolowera dzanja langa, sanadzidzimuke. Ali m'tulo anandifinyako pang'ono. Ndinayamba kupukuta. Inki ija sichoka, inu mukudziwa, inenso ndinkadziwa, koma mantha alibe nzeru. Ndinapukuta mwamphamvu. Khungu la nkhalamba ndi lopyapyala, linang'ambika pang'ono m'mbali mwa chikhadabo, mchere n'kulowa.

Anatsegula maso. Anayang'ana chala, anayang'ana ndimu m'dzanja langa, kenako ine. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, pakuti kukalipa kwawo ndinali nditakuzolowera.

“Mayi ako anakana,” anatero motsitsa mawu. “Ine wandidikira ndigone.”

Anachotsa dzanja lawo m'manja mwanga n'kulibisa m'khwapa, n'kutembenukira kukhoma. Ndinapepesa m'Chizungu, ndinapepesa m'Chichewa, sanatembenuke.

A Ziyadi atalowa, asanavule n'komwe jekete, mayi awo anatulutsa dzanja lija n'kuimika chala m'mwamba. Analibe maganizo obisa ngakhale pang'ono, wobisa ndinali ine ndekha. A Ziyadi anaima pakhomo ngati awamenya. Anafunsa mayi awo mafunso awiri m'Chiarabu, kenako anatembenukira kwa ine.

“Munandilonjeza,” anatero.

Anaimbira ku ejensi ine ndili pomwepo. Sanakweze mawu. Ndinasiya makiyi patebulo, n'kutenga chikwama changa ndi bulangete la Chitalu. Pakhomo ndinati, “Umu Ziyadi, ndapita.” Anayang'anabe kukhoma. Tsiku limodzi ndinakwanitsa kulakwira anthu awiri, mwana chifukwa chowatenga, mayi chifukwa cha ndimu.

Lamlungu lake, tsiku limene ankavota ku Iraq kwenikweniko, titachoka kutchalitchi ine ndi Chitalu tinakhala pa TV. Galimoto anaziletsa kuyenda tsiku limenelo, choncho anthu ankayenda pansi, mabanja athunthu, ena atanyamula nkhalamba zawo pa ngolo ndi kumsana. Kunkamveka kuphulika, iwo n'kumapitabe. Ndinkafufuza nkhope ya Maisuni, amene ndinkangomudziwa pa chithunzi cha pa firiji. Chitalu, yemwe uja wa “uzadya vote,” ankapukuta misozi ndi nsalu ya patebulo. Ine ndinkayang'ana zala zanga. Mu 1994 ndinali wosakwana zaka, mu 1999 ndinali nditabwera kale kuno. Chala changa sichinalawepo inki, koma chafuna kufufuta ya anthu awiri.

Kawiri ndinafika pa msewu wa kwawo n'kubwerera. Kamodzi ndinaimba foni, itayankhidwa ndinadula. Ndinkadzuka m'mawa n'kumaganiza kuti kaya amene alipo tsopano akudziwa kuti tiyi amafuna wakuda, kaya zikhadabo akutaya m'bini.

Dzana, Lamlungu, nditangomaliza kulankhula nanu pa foni paja, belu la pakhomo linalira. Chitalu anasuzumira pawindo n'kunena kuti, “Iwe, kuli mwamuna wa tie na ba gogo pa wheelchair.” Nyumba yathu a Ziyadi ankaidziwa chifukwa anandiperekezapo tsiku lina galimoto yanga itakana kulira.

Chitalu anawalowetsa pabalaza. Umu Ziyadi aonda, Bambo, diresi lobiriwira lija likuwakhuthukira. Sanandipatse moni. Anayang'ana makatani athu n'kunena kuti ndi oipa. Mtima wanga unayamba kutsika pang'ono, chifukwa munthu amene wakutaya sakunyozera makatani.

A Ziyadi anakhala kumphepete kwa mpando, chipewa chili m'manja. Ndinafunsa za Maisuni.

“Ali moyo,” anatero. “Anavota. Anapita ndi anthu a mumsewu wawo, onse pamodzi, kuti wowombera asowe woyambira. Bambo amene ankawaphikira buledi pakona, Abu Salamu, anafa pamzere m'mawa umenewo bomba litaphulika pa geti la sukulu. Madzulo ake mkazi wake anapita pa sukulu yomweyo kukavota, zovala zili ndi fumbi.” Anazunguza chipewa m'manja. “Ine ndinali pa sofa ku Annandale, m'nyumba yofunda, zala zanga zoyera. Mantha anga sanali abodza, Lenifa. Anthu akufabe tsiku lililonse, mtendere sunafike. Koma ngati udzafike, adzakhala ataubweretsa ndi anthu ngati mayi amene uja. Akuti kudzakhala chisankho china chaka chisanathe. Amayi ndidzawakankha ndekha.”

“Walankhula mokwanira,” anatero mayi awo. Anatulutsa dzanja pansi pa shawelo n'kuliika pa bondo langa.

Zala zinayi zinali zowengedwa bwino. Cha mkombaphala chinali ndi chikhadabo chachitali chopindika ngati cha nkhuku. Pakhungu inki inatha kalekale, koma pa chikhadabo sichoka, imangoyenda nacho pamene chikukula. Kumunsi chinali chamera choyera, ndipo inki yonse inali itafika kunsonga, yakuda tsopano ngati khofi.

“Chimenechi akana kuti aliyense achiwenge,” anatero a Ziyadi. “Anamwino awiri, adokotala, ine. Chikukola m'zofunda, chawakanda kale kumaso. Adokotala anena kuti chidulidwe mlungu uno. Iwo akuti wodula alipo mmodzi.”

Ndinagwada monga momwe ndinagwadira tsiku la ndimu, kusiyana kwake kapeti yokha. Ndinati, “Umu Ziyadi, ndinakulakwirani.”

“Unandilakwira,” anavomera. “Ndinakwiya mwezi wathunthu. Mwezi wachiwiri ndinakumbukira amene anandikankha pa sinoo. Miyezi inayo ndimadikira kuti mwana wopusayu abwera yekha, koma ndaona kuti ndifa ndikudikira.” Anandigogoda pamutu ndi chikhadabo chomwecho. “Unkafuna kuchotsa inki yanga. Chotsa tsopano, ine ndikuona.”

Chitalu anabweretsa beseni la madzi ofunda. Ndinaviika chalacho kuti chifewe, n'kutenga kodulira. Anandiuza kuti ngati ndiwadula chala andidula khutu. Ndinadula kamodzi, bwinobwino, kachidutswa konse n'kugwera m'dzanja langa. Ndinakakulunga m'kapepala monga kale, n'kuwapatsira.

Sanalandire. Anapinda zala zanga pamwamba pa kapepalako ndi dzanja lawo.

“Dothi la mumphika uja ndi logula m'sitolo,” anatero. “Zinazo zikhale m'menemo, koma ichi chinavota. Ndikanadziwa pamene pali Yusufu chikanapita kumeneko. Maisuni ali nacho chake. Ichi upereke kwa mayi ako. Uwauze kuti chachokera kwa mnzawo.”

Bambo, inu mukudziwa kuti kwathu chikhadabo sapatsa munthu. Ngakhale mbale wako weniweni umayamba waganiza kawiri. Mayi ameneyu, amene miyezi yonse ija ankakwirira yekha ndi supuni, anachiika m'dzanja lomwe lija linagwira ndimu. Ndinalira ngati mwana, ndipo sanandiletse. Anangoti, “Binti, ukunyowetsa diresi langa,” koma dzanja lawo silinachoke pamutu panga.

Ku ejensi sangandibwezere, lamulo ndi lamulo, ndipo kumeneko ndinalakwadi. Koma tagwirizana kuti Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndizipita kukawapesa ndi kuwaphikira tiyi. Akuti amene alipo pano tiyi wake ndi madzi otsukira mbale.

Tsopano pempho langa. Kansalu kamene ndakulungirako mukazindikira: ndadula pakona pa nsalu ya amayi yakutchalitchi ija munanditumizira maliro atatha. Kumanda musapite nako, anthu angationere zina, ndipo sindikufuna kuti pa ukalamba wanu mutchuke ufiti chifukwa cha ine. Mukakwirire pansi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa khitchini, mbali imene amayi ankakhala akamasenda nyemba. Mukumbe mozamirapo kuti nkhuku zisafukule. Ngati mungathe, munenepo mawu awiri. Mutchule Sabiha ndi Yusufu, mutchule Maisuni, mutchulenso Abu Salamu wophika buledi ndi mkazi wake, amene dzina lake sindikulidziwa. Mayinawa ndi achilendo pa lilime lathu, koma inu munali mphunzitsi, muwatha.

Mapepala anga loya akuti akuyenda. Sindikulonjeza tsiku, ndinalonjezapo kale zambiri. Koma chisankho cha 2009 ndikufuna chidzandipeze pamzere pa sukulu ya kwathu, kumbuyo kwanu, ndipo ndidzamiza mpaka pa mfundo yachiwiri.

Mundiperekere moni kwa Fryson ndi alamu anga, ndi ana onse. Moni kwa azakhali, muwauze kuti mankhwala a maso ndinapatsira mnzanga Beatrice amene akubwera kumudzi mwezi wamawa. Chitalu akuti “mulibwanji ba tate.” A Ziyadi akupereka ulemu wawo. Umu Ziyadi akupereka moni kwa inu, ndipo ulendo uno sindinapeke, anena okha, ndi “zikomo” wawo wa chipolisi uja.

Ndipo mukakagwada pansi pa mtengo paja, mundiperekere moni kwa amayi. Muwauze kuti kusamba sindinawasambitse, koma ndawatumizira mnzawo. Muwauzenso kuti mandimu awo ndidzathyola a mu tiyi okha.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Lenifa